Thanki ya giza ndaikhuthula ndekha

Bambo a Tadala, lero chakwana chaka chitisiyireni, ndipo chisanu cha kuno ku Hull, kutsidya kwa nyanja, chayambanso. Ndakumbuka tsiku lija munagwada pambali pa karavani yathu, kanyumba kathu kokoka ndi galimoto kaja, mutazimitsa gasi, n'kumasula chotsekera cha thanki ya giza yotenthetsera madzi. Madzi anatuluka ndi timiyala toyera ngati misere. Ine ndinadandaula kuti mukutaya madzi abwinobwino, inu n'kuseka. "Mayi a Tadala, kuno si ku Balaka. Madzi akatsala m'thanki amaundana n'kuiphulitsa."

Ana akuti karavaniyi ndigulitse poti palibenso woisamala. Ayi ndithu! M'mawa uno ndatenga sipanala yanu, ndakhuthula thankiyo, ndaitsukuluza ndi payipi mpaka madzi ayera mbee. Usani mumtendere, bambo. Thankiyi siphulika ine ndili moyo.