Ndinawina Mkangano wa Injini, Limbani Anataya Mwendo

Mwana wa mlongo wanga, Limbani, lero amayendera ndodo chifukwa cha mkangano wa magalimoto omwe ine ndimangowaonera pa kanema. Alipo ena amene anaikapo dzanja, ndipo ndiwanena, chifukwa sindibisira munthu mlandu wake. Koma woyamba kulakwa ndine, atsibweni ake. Inu owerenga, makamaka akuluakulu anzanga amene mawu anu sabwezedwa pabanja, werengani mofatsa.

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki mpaka kupuma, ndipo ntchitoyo inandisiyira chizolowezi chosataya pepala. Malisiti, makalata a ubatizo, ziphaso zakale za kuchipatala, zonse zili m'sutikesi kunsi kwa bedi. Nditapuma ndinabwerera kwathu cha ku Mbombwe.

Pa msika wa Njuli, kufupi ndi kwathuko, pali nyumba yoonetsera kanema. Kawirikawiri amaonetsa mpira, koma Lamlungu lina masana mwiniwake amaika mpikisano wa magalimoto othamanga a kunja, aja a matayala oonekera panja. Tinayamba kuuonera podikira mpira, kenako tinakodwa nawo. Ine ndikatuluka m'tchalitchi ndinkalunjika komweko. Timu yanga inali ya magalimoto achikasu. Mdani wanga pa benchi anali Che Jafali, wogula nandolo pamsika, amene ankasapota akuda.

Chaka chimenecho achikasu ankangothera kumbuyo. Sizoni ili pakati, panamveka kuti abweretsa injini yatsopano, ndipo mkangano unabuka. Che Jafali ankati galimoto yoti ikumaliza mpikisano suitsegula pakati pa chaka. Ankati injini yatsopano ikhoza kuphulika, komanso mwa malamulo a mpikisanowo, ukasintha injini mopitirira muyeso amakubweza kukayambira kumbuyo kwa anzako. Ine ndinkati wokana kusintha ndi wamantha. Nkhani za pa intaneti ndinkazisindikizitsa kusitolo, n'kuzidula mizere ndi cholembera chofiira, n'kubwera nazo mu envelopu kudzawerengera anthu.

Tsiku lina Che Jafali anandidula pakati pa chiganizo.

"Akalaliki, inu injini mumaidziwira papepala. Ngakhale njinga yakapalasa mulibe. Mukanakhala ndi chanu choyenda, mukanachitsegula mimba nthawi ya nandolo ino?"

Holo yonse inaseka, ngakhale anthu oti ndinawalemberapo makalata ofunsira ntchito. Ndinatuluka mtima ukuwawa, ndipo panjira ndinakumbukira kuti choyenda ndili nacho. Sichinali changa, koma chinali cha munthu woti sangandikanire.

Limbani ankayendetsa kabaza ya njinga yamoto. Inali yaing'ono, yosathamanga, koma ndi imene inkadyetsa mkazi wake, ana ake ndi mayi ake. Nyengo imeneyo ankatuta matumba a nandolo kuchokera ku Mauwa kubwera nawo pa Njuli, ndipo ambiri anali a Che Jafali omwewo. Bambo ake a Limbani anamwalira kalekale. Ine ndiye mwinimbumba, ine ndiye ndinali nkhoswe pa ukwati wake.

Makaniko wina wa pa Njuli anali ndi injini yochokera ku njinga yaikulu. Anaisisita ngati mbuzi yogulitsa, n'kunena kuti, "Iyi, madala, chitunda imakwera ngati ikutsika." Ndinamuuza andilembere lisiti. Ndinavala magalasi, ndinayerekeza nambala ya pa injini ndi ya papepala chilembo ndi chilembo, ndipo zinagwirizana. Ndinakhutira kuti ndachita zinthu mwadongosolo. Za mabuleki sindinafunse.

Nditamuuza Limbani, anavula chipewa n'kuyang'ana pansi.

"Atsibweni, bwanji tidikire nandolo athe kaye? Njingayi ndaizolowera. Ndimadziwa pomwe imaimira."

"Kodi tsopano wayamba kundiphunzitsa iwe?"

"Ayi, atsibweni. Ndamva."

Inu owerenga a kuno kwathu mukudziwa kuti mwana sabwereza kawiri kukana mawu a atsibweni ake. Ine ndinkadziwa zimenezo, ndipo n'zimene ndinadalira. Mwambo umenewu makolo anauika kuti titeteze nawo ana a alongo athu. Ine ndinautenga kukamenyera nkhondo ya pa benchi ya kanema.

Injini inaikidwa. Ataiyendetsa, Limbani anabwera kudzandiuza kuti mphamvu ilidi nayo, koma akaponda buleki ali ndi katundu, njinga imapitirirabe ngati sinamve. Ndinamuyankha kuti ngakhale madalaivala a pa kanema amavutika masiku oyamba, azolowera.

Linafika Lamlungu loti achikasu aonetse injini yawo. Ndinafuna kuti mpikisano usanayambe, Limbani adzaimike njinga pakhomo la holo, ailize, Che Jafali aimve ndi makutu awo. Ndinamuimbira foni. Anati ali ku Mauwa, akumangirira matumba, ndipo afika mochedwerapo chifukwa katundu ndi wolemera. Ndinamuuza afulumire. Patapita kanthawi ndinaimbanso. Anayankha ali panjira, mphepo ikuwomba m'foni.

"Injini yatsopano ndi ya chiyani ngati ufika nthawi yako yakale yomweyo?" ndinakalipa. "Ukufuna anthu andisekenso?"

"Ndikubwera, atsibweni."

Nditaimbanso sanayankhe, ndipo ndinakwiya kuti mwana wayamba mwano.

Mpikisano unayamba iye asanafike. Monga ananenera Che Jafali, galimoto yachikasu inayambira kumbuyo kwenikweni, ndipo anthu anayamba kundiwowoza. Koma isanazungulire kambiri inadutsa imodzi, kenako ina, kenako ina. Ondiwowoza aja analeka. Foni inanjenjemera m'thumba mwanga. Ndinaona nambala yachilendo, ndinaidula. Yachikasu inafika kumbuyo kwa yakuda, mphuno pafupifupi kugunda tayala. Foni inanjenjemeranso, ndinaizimitsiratu. Pa kona ina yakuda inatseka njira, pa ina inatsekanso, koma zitafika pamsewu wowongoka injini yatsopano inalusa, yachikasu n'kudutsa ngati inzakeyo yaima.

Ndinaimirira, envelopu m'mwamba, munthu wa imvi ine. Ndinatembenuka kuti ndiwaone nkhope Che Jafali, koma pamalo pawo panalibe munthu. Ndinakuwa kuti athawa manyazi.

Mwini holo anabwera n'kundigwira pamkono.

"Madala, Che Jafali atuluka kalekale, anaimbiridwa foni. Akuti nandolo wawo wamwazika pa kamlatho ka kumunsi kuja, ndipo wanjingayo sakudzuka. Anthu amakuimbirani inu poyamba."

Panjira yochokera ku Mauwa pali chitsikireni cha miyala chothera pa kamlatho kopanda zotchinga, ndipo msewu umakhota pomwepo. Limbani anali atadutsapo kosawerengeka ndi injini yake yakale. Tsiku limenelo anafikapo ndi liwiro la injini yaikulu, mabuleki a njinga yaing'ono, matumba kumbuyo, ndi mawu anga m'khutu. Anagwera mumtsinje wouma, njinga ndi katundu zinamugwera pamwendo.

Che Jafali ndi amene anamunyamula pa pikapu yawo mpaka kuchipatala cha ku boma. Ine ndinafika pambuyo pa kabaza, envelopu ija idakali m'manja. Ndinapeza mkanjo wawo woyera uli magazi okhaokha. Madokotala anayesetsa, koma fupa linali litanyenyeka. Mwendo anaudula kumunsi kwa bondo.

Mlongo wanga, mayi ake a Limbani, anali atakhala pansi pakhonde la wodi. Sanalire, sanandilalatire. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, tamva kuti timu yanu yawina. Mwawinatu."

Tsopano ndinene za enawo. Ndinapita kwa makaniko ndi lisiti lake. Analiwerenga n'kundibwezera, amvekere, "Apa palembedwa injini. Mabuleki munapempha?" Munthu wodziwa ntchito yake, anaona bwinobwino njinga yomwe ankaikapo chinthucho, n'kukhala chete! Nawonso a pa benchi, omwe ankandiseka kuti ndilibe choyenda, lero akuuza anthu kuti anandichenjeza. Bodza. Palibe ndi mmodzi yemwe. Amene anandichenjeza anali Limbani yekha, kawiri konse, ndipo ndinamutseka pakamwa. Che Jafali sanatchulepo za mkangano uja mpaka lero. Anamupatsa Limbani ntchito yokhala pa sikelo yawo pamsika. Ndikanakonda akanandinyoza.

Chomwe chimandisowetsa tulo n'chakuti pa mkanganowo ndinkanena zoona. Injini yatsopano inawathandizadi achikasu. Koma anthu aja ali ndi akatswiri oyesa chitsulo chilichonse galimoto isanalowe mumsewu, dalaivala wawo amavala zomuteteza thupi lonse, ndipo ambulansi imadikira pambali. Limbani anali ndi chipewa cha panjinga chong'aluka ndi atsibweni ofuna kuwina.

Inu okonda mipikisano, kanganani, sekanani, koma mkanganowo uzithera pakhomo la holo. Musautengere pa chinthu chomwe munthu amadyera. Ngati mukusintha injini ya njinga, funsani za mabuleki musanafunse za liwiro, ndipo woyendetsa akati dikirani, dikirani. Munthu ali pa njinga musamuimbire foni yomufulumizitsa. Ndipo inu atsibweni anzanga, mwana akati "ndamva" sikuti wavomera. Nthawi zina amakhala kuti wangosowa njira yokukanirani.

Mapepala onse ndili nawo: lisiti la injini, chithunzi cha fupa, kalata yotulukira m'chipatala. Ali mu envelopu imodzi ndi nkhani zanga zodula mizere yofiira zija. Ku holo sindinapondekonso. Lamlungu ndikatuluka m'tchalitchi ndimapita kwa Limbani. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Akangondiona ndikulowa pabwalo, amayamba kufufuza ndodo yake kuti aimirire andipatse mpando. Ndimamuuza kuti, "Khala, mwanawe, khala." Koma mawu amenewo okha ndi omwe samandimvera.