Dzanja la Thelma Chulu

Thelma Chulu anaphunzira kupalasa njinga ali kale mayi wa ana awiri. Makolo ake anatsika kuchokera kumtunda, cha ku Chipata, kudzalima thonje ku Nsefu, ndipo atate ake ankati njinga ya pakhomo ndi ya amuna ndi matumba a thonje basi. Choncho Thelma anakula akuyenda pansi. Anakwatiwa ndi Cosmas, sikauti woyang'anira nyama, munthu wosalankhulalankhula yemwe ankatha masiku ambiri kutchire akulondola opha nyama mozemba.

Atapeza ntchito yochapa ndi kusita pa kampu ina ya alendo ku Nkwali, m'mbali mwa Luangwa, vuto linali mtunda. Galimoto ya antchito sinkafika kwawo. Anatenga njinga yakuda ya mwamuna wake, yolemera ngati pulawo, nagwa nayo kuseri kwa nkhokwe mpaka mawondo onse ananyuka. Mwezi usanathe anali atayiweta.

Ankanyamuka kukangoyera, nthawi imenenso njovu zimabwerera kumtsinje zikachoka m'minda ya anthu. Anthu a njirayo amaidziwa nthawi imeneyi. Suliza belu, suyimba, umangotchera khutu kuti umve ngati nthambi ikuthyoka.

M'mawa wina wa masika, atakhota pa chitsamba chowirira, anaona njovu yaikazi itaima pakati pa njira, kamwana kali pansi pa mimba yake. Inali pafupi moti anaona matope ouma m'makwinya a chitamba. Njovuyo inatambasula makutu. Thelma anatembenuza njinga, phazi linaphonya pedulo, analipondanso, ndipo kumbuyo kwake kunamveka kulira kong'amba m'mimba. Anapalasa osacheuka. Nthaka inkagunda pambuyo pake, mitengo ikuthyoka, njinga yolemera ija ikukana kuthamanga. Sanadziwe kuti njovuyo inalekera pati. Anakafika kukampu podzera njira ina.

Kunyumba sananene kanthu. Koma Cosmas ntchito yake ndi kuwerenga pansi.

"Amake Wendy," anatero madzulo ake, akuvula jombo, "ndaona mapazi a njovu ataponda pamwamba pa matayala anu. Inakutsatani mpaka pa mtengo wa mlambe."

"Ndili pano, si ndafika?"

"Wogulitsa nsomba uja chaka chatha, ndinamunyamula ndine pamalo omwewo. Njinga yake inali itapindika ngati waya. Siyani ntchitoyi."

"Sindisiya, atate a Wendy."

Cosmas anatuluka panja.

Thelma sanasiye. Chimene chinamutsalira m'mutu chinali kulemera kwa miyendo yake tsiku lija, ndipo anatsimikiza mtima kuti zimenezo zisadzachitikenso. Anasandutsa ulendo wa kuntchito kukhala sukulu. Pamakwawa pomwe ena amatsika n'kukankha, iye ankakwera ali pachishalo mpaka ntchafu zitayaka moto. Pamchenga anaphunzira kukhalira kumbuyo ndi kusaleka kupalasa. Pobwerera ankamangirira chigubu cha madzi pakaliyala kuti njinga ilemere kwambiri. Anthu m'njira ankamuseka, ena ankafunsa ngati kunyumba kwagwa maliro.

Amene anaona zina mwa iye anali Maybin, makaniko wa pakampu. Tsiku lina anamutsatira pa njinga yamoto kuchokera pamphambano, ndipo atafika pageti anazimitsa injini akupukusa mutu.

"Amai Chulu, mumachova ngati mwaba kanthu. Makampu akonza mpikisano wa njinga zam'tchire mwezi wa Sepitembala. Kubwera anthu a ku Lusaka ndi ku Chipata. Wa azimayi uliko. Ndikulembetseni?"

Anamubwereka njinga ya alendo, yopepuka, ya magiya ambiri ndi matayala a mano. Thelma atangoikwera anaseka yekha, chifukwa inkapita ngati ikudziwa kale komwe akufuna.

"Koma mabuleki awa si anu aja ofuna kuwapempha," anachenjeza Maybin. "Mukafinya lakutsogolo mwamphamvu, ikuponyani."

Cosmas atamva za mpikisanowo sanakalipe. Anangoti, "Manja amenewo ndiwo amachapa. Mukathyoka, adzakusungirani ntchito ndani?" Patapita masiku anabwera ndi nkhani yoti masikauti awagawa m'njira ya mpikisano kuti aziyang'anira nyama, ndipo iye amuika pa mtsinje wouma, chakumapeto.

Tsikulo linacha ndi dzuwa loluma. Poyambira panali fumbi, mahelemeti owala, ndi zovala zothina zomwe Thelma anali asanazionepo. Iye anavala kabudula wa mpira wa mwamuna wake mkati mwa chitenje, ndipo chitenjecho anachivula mluzu utatsala pang'ono kulira, maso ali pansi.

Poyamba anatsalira. Magiya ankamusokoneza, ndipo anzake anamusiya m'fumbi. Koma njira italowa m'nkhalango ya tsanya, mchenga unayamba kumeza matayala. Ena anatsika. Thelma anawadutsa mmodzimmodzi, mpaka kutsogolo kwake kunatsala mkazi mmodzi yekha, Becky wa ku Lusaka, wamtali, wosatekeseka, amene anali atapambana kale mipikisano kwina. Anapita limodzi mtunda wautali, tayala pa tayala, osalankhulana. Thelma ankamva kupuma kwa mnzakeyo, ndipo anazindikira kuti kutentha kwa chigwa cha Luangwa kwayamba kumudya.

Kenako anatulukira padambo la makande. Nthawi ya mvula njovu zimaponda dothi lakudali likadali lofewa, ndipo likauma mapaziwo amasanduka maenje olimba ngati simenti, ena akuya mpaka m'bondo. Becky anachepetsa liwiro. Thelma anaona mpata, nadutsa chakumanja. Kwa nthawi yoyamba kutsogolo kwake kunalibe munthu.

Dzenje lina linabisika m'udzu wouma. Analiona mochedwa, ndipo zala zinachita zomwe zinazolowera pa njinga yakuda ija: zinafinya mabuleki onse mwamphamvu. Tayala lakumbuyo linanyamuka. Anauluka pamwamba pa handulo n'kukafikira dzanja lamanja, ndipo anamva kanthu kakuti thyo mkati.

Becky anaima. "Muli bwino? Ndiitane anthu?"

"Pitani," anatero Thelma, mano atalumana. "Pitani, ndikubwera."

Anadzuka. Pamfundo ya dzanja panali patayamba kutupa, ndipo zala zinkakana kupinda. Anaimika njinga ndi dzanja lamanzere, nakwera, lamanjalo atangolisanjika pahandulo. Dzenje lililonse linkamubaya mpaka m'mano. Mkazi wina anamudutsa. Maso ankachita mdima n'kuyeranso. Milomo inauma, koma botolo la madzi sakanatha kulitenga popanda kusiya handulo.

Pa mtsinje wouma anaona yunifomu yobiriwira ndi mfuti paphewa. Cosmas anayang'ana dzanjalo kamodzi kokha, nalowa pakati pa njira, n'kugwira handulo.

"Tsikani. Lathyoka ili."

"Chokani, atate a Wendy."

"Galimoto ili apo. Mukagwanso, fupa lituluka panja. Mukumva?"

"Ndamva. Kwatsala pang'ono. Ndisiyeni."

"Ana ndikawauza chiyani?"

Thelma ankapuma ngati ng'ombe yolima, thukuta likutsuka fumbi kumaso, ndipo anamuyang'ana mwamuna wakeyo m'maso osaphethira. Kumbuyo kunamveka tcheni cha njinga ina ikubwera. Zala za Cosmas zinali zitalimba pachitsulo. Wailesi yake inalira, wina akufunsa ngati kumtsinje kuli bwino. Sanayiyankhe.

Kenako anasiya handulo. Anasolola nsalu ya mabala m'thumba la yunifomu, namanga dzanjalo mwachangu, mfundo akumangitsa ndi mano. Thelma anakuwa kamodzi.

"Dutsani kumanzere, mchenga ndi wolimba uko," anatero Cosmas. "Pitani."

Anadutsa kumanzere. Pokwera gombe la tsidya linalo njinga inatsala pang'ono kuima, inagwedezeka, ndipo iye anaimirira pamapedulo n'kukankha ndi thupi lonse mpaka inatulukira pamwamba. Za mtunda wotsalawo sakumbukira zambiri, koma phokoso la anthu a ku Nsefu ndi a pakampu akutchula dzina lake. Anafika wachitatu mwa akazi. Maybin ndiye anamugwira asanagwe, ndipo Becky, yemwe anapambana, anamuthira madzi m'mutu.

Kuchipatala anati mafupa awiri athyoka, namumanga chikhakha. Masabata otsatirawo anali owawa kuposa mpikisano. Abwana a kampu anamulola kuti azingopinda nsalu ndi kugawa sopo, koma ndi nkhope yosakondwa, ndipo anamuuza poyera kuti nyengo ya alendo ikatha adzaonanso. Aida, mnzake wochapa naye, ananyamula ntchito ya anthu awiri, ndipo masiku ena sankamupatsa moni. Kunyumba Cosmas ankatunga madzi, kusambitsa ana, osatchula za njinga ngakhale kamodzi. Thelma ankagona akudzifunsa ngati sanachite zopusa, ndipo yankho silinkabwera lofanana masiku onse.

Ntchito sanamuchotse. Koma dzanjalo linapola mokhota pang'ono, ndipo mpaka lero silipirira kulemera kwa simbi, moti anaphunzira kusita ndi lamanzere. M'miyezi yozizira limamudzutsa.

Chaka chino Becky anatumiza uthenga kudzera kwa Maybin, woti ku Chipata kuli mpikisano wa m'mapiri ndipo akufuna kumuonako. Thelma anakwera basi ndi njinga ya alendo ija kukaona njirayo ndi maso ake. Chigwa chinamuphunzitsa mchenga ndi makande, koma zotsetsereka za miyala anali asanazilawepo. Anakankha njinga mpaka pamwamba pa phiri, nayang'ana kanjira kopyapyala kakutsika mokhotakhota pakati pa matanthwe. Anaima pamenepo nthawi yaitali, akupinda ndi kutambasula zala za dzanja lamanja. Anatsika ulendo woyamba akuyenda pansi, akuloweza mwala uliwonse. Atafika m'munsi anamwa madzi, natembenuza njinga, n'kuyambanso kukwera phirilo.