Galu wa Simenti wa Bambo Enerst

Ku Chinsapo palibe amene sawadziwa Bambo Enerst, aja oumba miphika ya maluwa ya simenti m'mbali mwa msewu wa ku Likuni. Munthu wosunga mangawa ngati amenewa sindinamuonepo. Mukawaponda chala lero, adzakukumbutsani ngakhale pa maliro anu.

Akazi awo atamwalira, anatsala ndi galu mmodzi, Tilipo. Tsiku lina Tilipo anagwira nkhuku ya a Anock, oyandikana nawo nyumba, ndipo kutacha anapezeka ali gwaa pakhomo, thovu lili kukamwa. Wina anamudyetsa poizoni wa tameki. A Anock anakana, koma ankakana uku akumwetulira.

Bambo Enerst sanakasume kulikonse. Anangokwirira galu wawo, mtima ukuwira. Tsiku lina ali kometetsa anaona pa kanema chilombo chamakedzana, chibale chapatali cha mimbulu, chachifuwa chotambalala, cholemera ngati munthu wamkulu, mano ake oswa mafupa a njati. Wofotokozayo anati chinkasaka m'magulu nyama zikuluzikulu zokhazokha, ndipo nyamazo zitatha nachonso chinatha, poti tinyama taliwiro tinkachikanika.

"Galu ndiye ameneyu," anatero Bambo Enerst, n'kudzuka tsitsi lisanathe kumetedwa.

Anachiumba ndi waya ndi simenti, mano a zidutswa za mbale, n'kuchiimika pamalire, maso ali pakhomo la a Anock. Kwathu kuno dzina la galu limakhala uthenga kwa mnansi, choncho anachitcha Ipheninso. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi mbale ya mkute akukuwa kuti, "Ipheninso! Bwera udye!"

Ana a Anock anayamba kuopa kupita kuchimbudzi. Alendo analeka kufika, ati pamenepo pali mankhwala. Mapeto ake a Anock anabwera chipewa chili m'manja.

"Achimwene, zakale zija tiiwale basi."

"Mundidzutsire Tilipo, ndiiwala," anayankha Bambo Enerst.

Mvula isanagwe, a Anock anasamukira ku Mgona. Bambo Enerst anavina pamsewu, ine ndinaona ndi maso angawa. M'nyumba muja munalowa Rozina, mayi wogulitsa zitumbuwa wosadziwa kalikonse za nkhaniyi, ndipo amayanika matewera pamsana pa chilombocho.

Masiku ano Bambo Enerst awonda, mpaka ndimawamvera chisoni. Amatulukabe ndi mbale ija n'kuyang'ana khomo lija, koma sakuwanso. Dzulo ndinawamva akuitana chapansipansi, mbale ili m'manja. Ankaitana Tilipo.