Sikafu za Mayi Tepi

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi anthu ochepa. Mumsewu wonse uja ankangoti Mayi Tepi, chifukwa tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo. Ankapita nayo kumsika, kumaliro, ndipo amuna awo ankalumbira kuti tsiku lina anaipeza pamsomali wa kubafa ikudontha madzi.

Shopu yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Munali makina awiri osokera, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi galasi lalitali long'aluka pakona. Kusoka anaphunzira kwa azakhali awo ali ndi zaka 14, kuyambira kusomeka mabatani, ndipo makina amenewo ndiwo analera ana atatu. Anthu ankawadziwanso ndi kufatsa. Kasitomala abwere akulusa kuti diresi lamuthina, iwo ankangomuyang'ana m'chiuno n'kunena mwachifatse kuti, "Diresi silinasinthe, mayi."

Zinayamba ali ndi zaka 47. M'mawa wina wa mitambo anagwada pansi kupinda mpendero wa diresi laukwati, mapini ali kukamwa. Mwadzidzidzi anamva ngati wina wawayatsira mbaula pachifuwa. Motowo unakwera m'khosi, m'makutu, mpaka pamutu. Thukuta linayenderera pamphuno, dontho n'kugwera pansalu yoyera ija, tho!

"Mayi, muli bwinobwino?" anafunsa mkwatibwi.

"Ndi simbi iyi," anayankha atalavulira mapini m'manja.

Mkwatibwi anacheukira simbi. Chingwe chake chinali chikulungire, sinalumikizidwe n'komwe kumagetsi.

Zinabweranso masana, mawa lake kanayi. Anaganiza kuti ndi malungo. Anakayezetsa kuchipatala kawiri, osapezeka kanthu. Ulendo wachitatu anapeza namwino wa imvi, wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno, amene anawamvetsera mpaka kumaliza.

"Nanga kusamba kukuyenda bwanji masiku ano?" anafunsa namwino.

"Kukubwera pofuna kokha. Mwezi wina kumadumpha."

"Ndiye tisavutitse chala chanu ndi singano. Thupi layamba kutsanzikana ndi zimenezo, ndipo kutenthaku kumabwera nazo. Ena kumawatengera miyezi, ena zaka. Kukakukulirani mubwere, thandizo lilipo."

"Mukutanthauza kuti ndakalamba?"

"Ndikutanthauza kuti musiye kuvala nayiloni."

Pobwerera m'basi anatsamiritsa mutu pawindo. Anakumbukira malemu amayi awo atakhala pakhonde nthawi yozizira, bulawuzi atamasula mabatani, akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto. Ana onse ankaseka, iwo ndiye ankaposa, amvekere amayi apenga. Amayi awo ankangodzikupizabe. Mayi Tepi anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, ndipo ulendo uno silinali thukuta.

Kunyumba kunabuka nkhondo ya mawindo. Amuna awo, dalaivala wa lole yonyamula matabwa, anali munthu woopa mphepo, wovala juzi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mayi akatsekula windo, bambo ankadikira atembenuke n'kulitseka mwakachetechete.

"Bambo ake, mukufuna ndipsere m'nyumba muno?"

"Nanga inu mayi ake, mukufuna ndiumire momwemo?"

Mwana wawo wamkazi woyamba, amene ankagwira ntchito kutali, atamva nkhaniyi pafoni anatumiza katoni. Munali kafani kokupiza mphepo kokoleka m'khosi, botolo lopopera madzi kumaso, ndi timapaketi tisanu ta zinthu za buluu zonga phala, tokhazika m'firiji kuti tizizire.

Kafani kanakhala tsiku limodzi. Kanauluza mapepala odulira masitayilo, kanameza ulusi wofiira, kenako kanakolana ndi tepi, moti Mayi Tepi anayenera kusankha chokhala m'khosi. Anasankha tepi. Botolo linagwira ntchito mpaka pamene madzi anagwera pasuti ya munthu n'kufufuta zizindikiro zonse za choko. Timapaketi ndiye tinali tabwino. Akaika kamodzi kumbuyo kwa khosi, moto uja unkagonja pang'onopang'ono, mtima n'kukhala m'malo. Vuto linali lakuti manja onse awiri amafunika pamakina, ndiye kapaketi kankatsetserekera kumsana. Komanso tinayamba kuchepa. Anakapeza kamodzi katamangidwa ndi sokosi pabondo la amuna awo.

"Bondoli limandiwawa ndikaponda kilatchi," anatero bambo mosachita manyazi. "Mwana anatumizira banja."

Tsiku limenelo Mayi Tepi anatenga zotsalira za nsalu ya thonje, nadula sikafu yopyapyala. Pakati pake anasokapo kathumba kobisika, kokwana kapaketi kamodzi. Ataimanga n'kudziyang'ana pagalasi, anaona mayi wotchena basi, palibe akanadziwa kuti m'khosi mwawo muli chisanu. Ometa tsitsi anavomera kuwasungira timapaketi m'kafiriji kawo ka zakumwa, posinthana ndi kuwasokera ma epuloni ong'ambika.

Patapita milungu ingapo kunabwera aHedi a pasukulu yapafupi, mayi wamtali amene ana ankati akatsokomola ngakhale mbalame zimakhala chete. Anakhuthula chikwama patebulo: madiresi asanu, onse a kolala yofika kuchibwano.

"Muchotse makolala onsewa. Manja afupike."

"Sitayilo yatsopano, aHedi?"

"Ndangofuna kusintha."

Akulankhula choncho, Mayi Tepi anaona timikanda ta thukuta tikutuluka pamphumi pawo. AHedi anatola kabuku ka masitayilo patebulo n'kuyamba kukatembenuza mofulumira pafupi ndi nkhope, ngati akusankha diresi. Mayi Tepi anasiya madiresi patebulo. Analowa kwa ometa, anabwera ndi kapaketi, anakalowetsa m'sikafu yobiriwira, n'kuwamanga aHedi m'khosi ngati akuwayesa chovala.

AHedi anatseka maso. Mapewa anatsika. Anakhala pampando wa makasitomala, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Inunso?" anafunsa chapansipansi.

"Chaka chino chonse."

"Ine dzana zinandigwira ndikulankhula pamaso pa makolo mazana awiri. Ndinanamizira kuti ndaiwala pepala mu ofesi. Ndinakaima pampopi ngati bakha."

Anaseka mpaka okonza mafoni anasuzumira pakhomo. Kenako aHedi anaulula kuti anali asanauzepo munthu, ngakhale mng'ono wawo. Anachoka ndi sikafu ziwiri, ndipo makolala atatu anapulumuka.

Nkhani inayenda monga ziyendera nkhani za amayi, chamunsimunsi koma mothamanga. Kunabwera ogulitsa matikiti kusiteshoni, ophika buledi, oyimbitsa kwaya. Palibe ankatchula chimene wadzera. Ankangoima pakhomo n'kunena kuti, "Ndamva muli ndi tisikafu." Mayi Tepi anaika benchi kuseri kwa katani, ndipo amene wabwera kudzagula kwa mphindi zisanu ankatha ola. Ankauzana za tulo tovuta, za kuiwala dzina la mwana wako yemwe, za mkwiyo wobwera popanda woputa. Mayi Tepi ankawachenjeza onse chimodzimodzi: "Sikafuyi si mankhwala, imangoziziritsa khosi. Zikakula pitani kwa anamwino a magalasi aja, sadzakusekani."

Mwana wawo ankatumiza timapaketi tambiri tsopano, mpaka ometa tsitsi anadandaula kuti m'firiji mulibenso malo a zakumwa. Mayi Tepi anagula kafiriji kawokawo kakale, kolira ngati njinga yamoto, n'kukaika pansi pa tebulo lodulira.

Loweruka lina masana pakhomo panaima chimunthu chachikulu, wowotcherera zitsulo, ovolo yake yodzaza timabowo ta moto. Anavula chipewa n'kumachipinda m'manja.

"Ndimafuna... akazi anga... akuti kuno..."

"Akutentha?"

"Eya, mayi. Ine ndimagwira moto tsiku lonse, koma ndikawayandikira ndimachita kubwerera. Sakufuna kunena. Dzulo ndawapeza alowetsa mutu m'ndowa."

"Amakonda mtundu wanji?"

Bamboyo anakanda m'mutu. Zaka makumi awiri ndi zitatu za banja, funso limeneli linali lisanamupezepo. Anayang'ana sikafu zopachikidwa pachingwe nthawi yaitali, mpaka analoza yachikasu ya timaluwa tating'ono.

"Ankavala diresi lotere tikuyamba kumene," anatero.

Mayi Tepi anaikulunga m'pepala pamodzi ndi timapaketi tiwiri, namuphunzitsa kaikidwe kake kawiri konse, chifukwa zala zake zinali zazikulu kuposa kathumba. Potuluka anamuitananso.

"Achimwene, mukafika musakafunse kuti akudwala chiyani. Mukangowapatsa, muwatungire madzi akumwa, basi."

Bamboyo anagwedeza mutu, anaika kaphukusi m'thumba la pachifuwa, nawoloka msewu atakagwira ndi dzanja limodzi. Mayi Tepi anabwerera pamakina. Panali mayunifolomu khumi ndi awiri ofunika Lolemba, ndipo ulusi wabuluu unali utatsala pang'ono.