Chinkhwe wa pakhoma langa

Ine ndinakulila m'tauni ya Petauke, m'nyumba ya simenti, ndiye za kuzila khoma sindinkazidziwa ngakhale pang'ono. Amuna anga atanditenga chitengwa kupita kwawo ku Luembe, ndinapeza kuti mvula ikatha mkazi aliyense amazila nyumba yake n'kuikongoletsa ndi dothi lamitundumitundu. Apongozi anga aakazi anali katswili pa ntchitoyi. Tsiku lina ndinawamva akuuza mnzawo kuti, "Wa m'tauniyu manja ake ndi ogwilila foni basi." Zinandiwawa, sindinama. Ndinalumbila kuti mawu amenewo adzawameza okha.

Anzanga ankajambula maluwa ndi mizele. Ine ndi matama anga ndinati ndijambula chinkhwe. Masiku atatu ndinaphunzila ndi kamtengo pamchenga kuseli kwa nkhokwe: mutu waukulu, mlomo wokhota, maso awili ozungulila oyang'ana munthu. Dothi lobiliwila kulibe, choncho pakhomapo ndinapaka katondo, phulusa ndi makala.

M'mawa mwake ana asukulu analambalala nyumba yathu ali liwilo. Mai wina wogulitsa nthochi atangolowa pabwalo anakuwa, "Mayo ine, kadzidzi! Mukufuna afe ndani pamudzi pano?" Amuna anga, m'malo monditeteza, anaseka mpaka kukhala pansi. Mwamuna ameneyu, kaya ndinamuona chiyani!

Apongozi anabwela n'kuima chapatali. Ine ndinagwada.

"Amai, ndi chinkhwe," ndinatelo.

"Chinkhwe munamuonapo?"

"Pa kalendala."

"Mailo mupite kumunda mukaingitse mbalame m'mapila. Mukamuona bwino kumeneko."

Ndinakhala pansanja sabata yathunthu ndi chitini choopsezela mbalame. Zinkhwe zinkabwela m'chigulu, zikusokosa. Kumeneko ndinaona kuti chinkhwe sayang'ana munthu ndi maso onse awili, amapendeketsa mutu n'kukuyang'ana ndi diso limodzi ngati wakuba. Mchila ndi waufupi, thupi lobiliwila. Ndinayang'anitsitsa mpaka kuiwala kumenya chitini, ndipo mapila a mzele umodzi anapita. Zimenezo sindinauze munthu.

Nditabwelela ndinapala kadzidzi uja. Ndinasinja masamba a nyemba kuti ndipeze mtundu wobiliwila, n'kuthilamo mchele wodzaza dzanja, chifukwa kwathu chitenje chatsopano tinkachiviika m'madzi amchele kuti chisasuluke. Chinkhwe anatuluka, abale inu, wokongola ngati auluka pompo. Ndinapita kudambo kukatunga madzi ndikuimba.

Pobwela ndinapeza mbuzi zisanu za apongozi zitaimilila ndi miyendo iwili, zikunyambita khoma langa. Panatsala mlomo ndi diso limodzi lija basi. Azimai anasonkhana akugwila nthiti, wina n'kunena kuti, "Bola kadzidzi, anagonako." Ndinatula ndowa n'kuyamba kulila ngati mwana, pamaso pa onse.

Apongozi anathamangitsa mbuzizo ndi chipande, kenaka anatembenukila azimai aja.

"Mukuseka chiyani? Zaka zonsezi maluwa anu mbuzi inawanunkhizapo? Uyu wajambula chamoyo, mpaka chadyedwa."

Apongozi anasendela pafupi, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kundipukuta misozi ndi nsonga ya chitenje chawo.

"Mwana wanga, mailo mubwele mudzajambule pakhoma langa. Koma mchele muusiye m'ndiwo."