Chipsera cha Achemwali

Achemwali anga anagwa Lachinayi masana m'tchalitchi, nyimbo ili pakati. Lachinayi ndi tsiku la azimayi kumpingo kwathu, ndiye anagwa atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera, magazi akuyenderera mpaka kuzidendene. Ine masiku amenewo ndinkatayipa mu ofesi ya pasukulu ina ku Domasi konkuno. Mayi wina anabwera ali wefuwefu kudzandiuza, ndipo ahedi anatibwereka galimoto ya sukulu.

Kwathu kuno wodwala sapita yekha kuchipatala. Mukamupereka kwa munthu mmodzi, mawa mumva kuti banja lakuti ndi louma mtima. Choncho kumbuyo kwa galimoto kuja kunadzaza azimayi a zoyera, ena atagwira miyendo, ena akupemphera. Mutu wa wodwalayo unali pamiyendo pa apongozi awo, mayi a amuna awo. Sindingawanamizire, tsiku limenelo mayi amenewo analira ndi mtima umodzi.

Alamu anga, amuna a achemwali, anali ku Joni kumigodi, chaka chachiwiri asanabwere. Achemwali ankalima mpunga kudambo n'kumalera ana awo awiri. Kwa miyezi ingapo mimba yawo inali ikutukuka pang'onopang'ono, ndipo anandiuza ine ndekha kuti kumwezi sikukuwathera, komanso kuti m'munsimu akumvamo chinthu cholimba ngati papaya losapsa. Ndinawakakamiza kuti tipite akawaone, iwo n'kumazengereza kuti adikire amwete kaye mpunga. Chitenje ankachimanga momasula kuti anthu asaone. Koma mkazi amene mwamuna wake ali kumigodi, mudzi wonse umamuyang'ana pamimba.

Titafika, anawagoneka pa kabedi ka matayala n'kuwalowetsa m'chipinda cholandirira matenda a mwadzidzidzi. Chitseko chinali pululu. Katani inalipo, yobiriwira, koma itakolekedwa pamwamba ngati yayanikidwa. Pamabenchi panali anthu a mabala, wina wolumidwa ndi galu, bambo wina wa ku Songani amene ndinkamudziwa atagwira mkono wothyoka. Azimayi athu anaunjikana pakhomo, apongozi ali patsogolo.

Kenako anatulukira mkulu wina. Tonse tinkamuti dokotala, ngakhale ndinadzamva pambuyo pake kuti anali wothandizira chabe. Wamfupi, kajasi koyera kosamanga mabatani, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi. Moni sanapereke. Anakweza chitenje cha achemwali ndi zala ziwiri, poyera pomwepo, amuna a pabenchi akuona, n'kudina pamimba kamodzi. Anafunsa kuti mwamuna ali kuti. Apongozi, mwaulemu wawo wonse, anayankha kuti mwana wawo ali ku Joni.

Munthu uja anaseka. Ndikanena kuti anaseka, ndikutanthauza kuseka kwenikweni, mano onse panja.

“Ali ku Joni, nanga mimbayi yabwera pa basi? Iwe mayi, wamwa chiyani kuti ichoke? Mumavala zoyera masana, usiku mukuthamanga ndi amuna a eni, kenako muzitivutitsa ife kuno.”

Iwe. Kwa mayi wa ana awiri, wamkulu kuposa iyeyo. Achemwali anali atafooka, milomo itayera, koma anamva. Anayesa kukoka chitenje kuti adzifunditse, dzanja n'kulephera. Ine ndinakoka katani ija mwaukali mpaka mbedza ina inaduka, koma n'kuti mawu atatuluka kale. Nditacheuka ndinaona apongozi akupukuta manja awo pa chitenje, pang'onopang'ono, manja omwe aja anagwira mutu wa mpongozi wawo njira yonse. Pemphero pakhomo paja linatha lokha. Ndinamuuza mkuluyo kuti alibe khalidwe ndipo sanaleredwe. Anandiyankha kuti ndikapitiriza aitana mlonda, ndipo wodwala wangayo ndikamuchize ndekha. Ndinatseka pakamwa chifukwa magazi anali akutayikabe.

Dzuwa lisanalowe azimayi aja anali atakwera minibasi kubwerera. Ndinatsala ndekha ngati gadiyani. Nkhaniyo inafika kumudzi kwathu kwa Malemia ine ndisanapeze n'komwe pogona.

M'mawa mwake kunabwera dokotala wamkulu. Anawayeza bwinobwino, anatenga mkodzo, ndipo anatiitanira m'kachipinda n'kutseka chitseko. Anayankhula motsitsa mawu, mwaulemu, kuti mimba panalibe ndipo sinakhalepo. Chinali chotupa cha m'chiberekero, chachikulu, ndiye chimene chinkawatayitsa magazi, ndipo pafunika opareshoni. M'kachipindamo tinalimo anthu atatu basi. Bodza linanenedwa pa gulu, chitseko chili pululu. Zoona anatinong'oneza titatsekeredwa.

Ndinatuluka n'kukamusaka wamfupi uja. Ndinamupeza pakhonde akumwa tiyi. Ndinadzitsitsa, ine amene sindidziwa kudzitsitsa, mpaka kugwada pang'ono. Ndinamupempha kuti apongozi akabwera kudzazonda, awauze ndi pakamwa pake kuti analakwitsa. Mawu awiri okha. Anaika kapu pansi n'kundiyang'ana ngati ndamupempha ng'ombe.

“Mayi, za wodwala ndi zachinsinsi. Malamulo athu salola kuuza anthu ena.”

Chinsinsi! Dzulo lake chinsinsicho chinali kuti? Ndinamufunsa zimenezo, ndipo ndinawonjezera mawu ena amene sindingawalembe pano. Anangonyamula kapu yake n'kulowa m'kati. Ndinabwerera kwa dokotala wamkulu, iye anati apongozi akabwera, achemwali akalola, adzawafotokozera yekha. Koma apongoziwo sanabwere. Sanabwere tsiku limenelo, sanabwere tsiku la opareshoni, sanabwere mpaka tinatuluka. Ngakhale nthochi imodzi sanatumize.

Kumudzi tinapeza nkhani itapsa kale. Amati achemwali anachotsa mimba ndipo kuchipatala anangokawatsuka. Ine ndinayenda khomo ndi khomo kufotokoza za chotupa, anthu n'kumagwedeza mitu mwaulemu uku akuyang'anana. Mng'ono wake anganene chiyani, amatero ndikangotembenuka. Akulu a mpingo anawaimitsa kudya mgonero mpaka nkhani ifufuzidwe, ndipo kufufuzako kunali kufunsa azimayi omwe aja. Onse anati anamva ndi makutu awo dokotala akunena. Sananame ayi, anamvadi.

Njira inalipo imodzi, ndipo ndinawauza achemwali. Munthu wongotsukidwa sakhala ndi bala pamimba. Iwo anali ndi chipsera chachitali, kuchokera pamchombo kutsika, ulusi ukuonekabe malo ake. Ndinati tiitane apongozi ndi azimayi awiri atatu m'nyumba, amasule chitenje, aone okha. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinalira. Iwo ankangopeta mpunga wawo osandiyang'ana.

“Anandivula kamodzi pa anthu, mng'ono wanga, kwakwana. Amene akundidziwa safunika kuona.”

Iwo ankakhulupirira kuti amuna awo ndi amene akuwadziwa. Atamva kuti alamu akubwera, anazira nyumba, anachapa makatani, anasunga tambala. Alamu anatsika pa Songani ndi sutikesi yachitsulo, mabulangete ndi wailesi yaikulu, n'kuuza anyamata a njinga kuti katunduyo apite naye kwa mayi awo. Nkhani inali itawapeza kumigodi komweko kudzera mwa anzawo obwerera. Pakhomo pa mkazi wawo sanapondepo. Anatuma ankhoswe kudzanena kuti banja latha, ndi nsapato ziwiri za ana, zomwe zinali zazing'ono kale. Ndinapita ndekha kukawalalatira mpaka anthu anatuluka m'nyumba, iwo anangoti dokotala sanganame. Tambala uja tinadya tokha.

Achemwali sanakwatiwenso. Patapita nthawi mpingo unawabwezera pa mgonero, koma bulauzi yoyera sanaivalenso, ndipo Lachinayi ankapita kudambo. Wamfupi uja ndinamva kuti anamusamutsira kwina, atakwezedwa. Sindinamukhululukire ndipo musandiuze za kukhululuka. Alamu ndi mayi awo nawonso sindinawakhululukire, koma iwo anangomeza zimene anapatsidwa ndi munthu wa jasi loyera.

Achemwali anamwalira atakalamba, ndi matenda ena. Pa azimayi amene tinalowa kukasambitsa thupi panali mmodzi wa aja anaima pakhomo tsiku lija, tsopano wa imvi, woyenda ndi ndodo. Titachotsa nsalu, chipsera chija chinali pomwepo, chitayera, kuchokera pamchombo kutsika. Mayiyo anaima ndi kansalu konyowa m'manja, madzi akudontha.

“Kodi anachitadi opareshoni?”

Ndinamulanda kansaluko n'kumuuza kuti atuluke. Achemwali ndinawafunditsa kaye, kenako ndinawasambitsa ndekha.