Kumene bambo ankapita masana

Amayi atamwalira, bambo anayamba kusowa masana. Ankachoka tikangotha kudya n'kubwera dzuwa litapendeka, osanena kumene anali. Ine ndinali nditabwera ku Furancungo kudzawasamala, ndipo mtima sunali m'malo. Kudimba kwawo kwa mbatata anali atasiya kupita. Mlamu wanga ankati mwina ayamba kachasu. Ine ndinkaopa kuti mutu wayamba kusokonekera, tsiku lina adzangokwera shapa, minibasi za kuno, n'kulowera ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, poti masiku amenewo ankakutchulatchula.

Nditawafunsa anangoti, "Ndimakawongola miyendo."

Tsiku lina ndinawatsatira chapatali. Anadutsa pamsika, anapitirira pamene pamaima anyamata a njinga zamoto, n'kukhotera kushikola, kumene ana amaphunzira. Kumeneko analowa m'bibiliyoteka, chipinda chimene anakonzera ana kuti aziwerengeramo. Ndinadabwa, chifukwa pamene chinkapakidwa utoto, bambo omwewa ankati ana a masiku ano akuleredwa ngati mazira.

Ndinasuzumira pakhomo. Makoma anali owala, mabuku ali pamatabwa aafupi oti mwana n'kufikira. Akuluakulu analimo ndithu: mayi wina akuyamwitsa pakona, abambo awiri akudikira kuti mafoni awo adzaze moto. Bambo anali atavula nsapato n'kukhala pamkeka, poti timipando ta mmenemo n'tating'ono. Pamiyendo pawo panali buku la zithunzi, ana atatu atawapanikiza.

"Agogo, imeneyo si ng'ombe, ndi njati!" anatero mwana wina.

"Njati yonenepa chonchi inadya kwa yani?" anayankha bambo, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Chichitikireni maliro ndinali ndisanawamve akuseka. Ndinatsamira chitseko.

Mtsikana woyang'anira chipindacho anabwera kudzandilonjera. Ndinamufunsa ngati bambo sakumuvutitsa, popeza ndi malo a ana.

"Ayi mayi," anatero. "Poyamba ankangoima panja n'kumamvetsera. Ndinawauza kuti alowe, dzuwa lingawapweteke. Chipwitikizi sawerenga, ndiye ana amawawerengera. Akapeza buku la Chinyanja, agogowo ndi amene amawerenga."

Bambo atandiona anatseka buku, anavala nsapato mosafulumira. Tinayenda limodzi mpaka pamsika.

"Unkayesa ndimamwa?" anandifunsa.

"Ndinkangoopa, bambo."

"Kunyumba aliyense amandiyang'ana ndi nkhope ya maliro, ngakhale iwe. Kuja ana sadziwa kanthu. Amangondikalipira ndikachedwa kutembenuza tsamba."

Zinandiwawa pang'ono, koma zinali zoona. Madzulo ake ndinamuuza mlamu wanga, ndipo sanakhulupirire mpaka anakadzionera yekha.

Bambo anapitabe kumeneko chilimwe chonse. Mvula itayandikira anasaka khasu lawo n'kuyambanso kulima, kwa anako n'kumapita mwa apo ndi apo. Ndipamene ndinamanga katundu wanga n'kubwerera kwa amuna anga ku Tsangano.